Tihamster tikulumana m'khola la pakoleji: munganene bwanji osaoneka amwano?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa wowerenga wina amene akuphunzira zosamalira ziweto pa koleji ina ku England. Akuti m'chipinda cha tinyama tating'ono muli tihamster (tinyama toweta tofanana ndi mbewa) 6 ta mtundu waung'ono, tonse m'khola limodzi lotalika pafupifupi masentimita 60, momwe muli gudumu limodzi lothamangiramo, kanyumba kamodzi ndi mbale imodzi. Kamodzi kali ndi nkhanambo pafupi ndi mchira ndipo kamagona kokha pakona. Atafunsa wosamalira ziwetozo, anauzidwa kuti tamtunduwu timakhala pagulu mwachibadwa, ndipo kulira kumene amamva n'kusewera chabe. Funso lake ndi ili: "Kodi wolakwa ndine? Ngati si ine, ndinene bwanji poti anthu omwewa ndi amene amandipatsa mamalikisi?"

Simukulakwitsa. Koma mukapita kukanena kuti "hamster sakhala ndi mnzake" basi, akakutsutsani mosavuta, chifukwa wosamalira uja akulondola pang'ono. Ndi bwino mudziwe pamene akulondolapo.

Hamster wamkulu uja wotchedwa Syrian amakhala yekha, palibenso zokambirana. Wa Chinese nayenso ndi bwino akhale yekha. Mkangano uli pa mitundu itatu ya tihamster tating'ono ya gulu lotchedwa Phodopus: Campbell's, winter white ndi Roborovski. Kafukufuku wa wasayansi Katherine Wynne-Edwards anaonetsa kuti kakamuna ka Campbell's kamathandiza kakazi pobereka komanso polera ana, pamene ka winter white sikachita zimenezo. Apa ndi pamene panachokera mbiri yoti tihamster tating'ono timakonda anzawo. Komatu kumeneko ndi kakamuna ndi kakazi ndi ana awo, m'zipululu za ku Mongolia ndi madera oyandikana nawo, kumene kogonja kamathawa n'kupita kutali. M'khola la masentimita 60 kathawira kuti? Kuwonjezera apo, tambiri togulitsidwa ku Britain ndi tosakanikirana magazi a Campbell's ndi winter white, choncho khalidwe lake simungalidziwiretu. Zoona zake n'zakuti nthawi zina timapirirana, koma sitifuna mnzake monga mmene mbira imafunira. Kahamster kokhala kokha m'khola labwino sikavutika ndi kusungulumwa. Kokhala ndi anzake kakhoza kufa usiku umodzi.

Chimene chimanyenga anthu n'chakuti tikakhala tiana ta mimba imodzi timagona mulu umodzi, mokongola ndithu. Tikakhwima m'pamene nkhondo imayamba, ndipo imatha kuyamba mwadzidzidzi ngakhale titakhala mwamtendere miyezi yambiri. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Ndiye pakoleji pali vuto linanso: tinyamati timadzuka madzulo n'kuchezera usiku, nthawi imene magetsi azimitsidwa ndipo aliyense wapita kwawo. Wosamalira akamati sanaonepo tikumenyana mwina akunena zoona. Masana timakhala tili m'tulo.

Choncho mlandu wanu usakhale wa hamster onse a padziko. Ukhale wa tihamster 6 timeneti, ndipo pakhale umboni.

Choyamba siyanitsani kukangana ndi kuzunzana. Tiwiri tikaima ndi miyendo yakumbuyo n'kukankhana, kamodzi n'kugona chagada kakulira, pakangopita masekondi ochepa tonse n'kubwerera kukadya, kumeneko n'kupimana mphamvu. Kuzunzana kumaoneka mwina: kamodzi kamathamangitsa kanzake khola lonse osakasiya, tiwiri timagwirana n'kugubuduka ngati mpira, kamodzi kamakhala pakhomo pa kanyumba kapena m'mbale kuti ena asayandikire. Mabala ake amakhala kumbuyo pafupi ndi mchira, pamimba, kumaliseche ndi kumaso, chifukwa kothawa kamalumidwa kumbuyo ndipo kogonja kamalumidwa kunsi. Ubweya umabisa zambiri, ndiye pofufuza uzirani ubweyawo pang'onopang'ono kuti khungu lioneke, kapena yendetsani chala mobwerera kuchokera kumchira kupita kumutu kuti mumve nkhanambo. Samalani ndi chinthu chimodzi: pakati pa mimba pali kachiwalo kotulutsa fungo, kooneka kachikasu ndi konyowa pang'ono, makamaka pa tamphongo. Limenelo si bala. Mukaliwerengera ngati bala, umboni wanu wonse adzaukayikira.

Kenako sikelo. Iyi ndi mboni imene palibe angaitsutse. Gwiritsani ntchito sikelo ya kukhitchini yowerenga galamu imodziimodzi, ikani kapu pamwamba, ibwezeni pa ziro, ndipo yezani kalikonse pa nthawi yofanana, kawiri pa sabata. Campbell's kapena winter white wamkulu amalemera pakati pa magalamu 30 ndi 50, Roborovski pakati pa 20 ndi 25. Kuchepa kwa gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi ndi chenjezo kale, ndipo pa kanyama ka magalamu 40 amenewo ndi magalamu 4 okha, amene diso silingaone. Lembani momwe mukusiyanitsira kalikonse ndi kanzake, monga mtundu wa ubweya kapena khutu long'ambika. Dziwaninso kuti Campbell's ndi tosakanikirana tija timadwala shuga kawirikawiri, ndipo shuga nayenso amawondetsa. Koma imeneyi ndi mfundo yanunso: m'khola la tinyama 6 ndi botolo limodzi, ndani angadziwe kamene kakumwa madzi mopitirira muyeso?

Onaninso ngati tonse tilidi tamuna tokhatokha kapena takazi tokhatokha. Pa kamphongo mpata wa pakati pa maliseche ndi kotulukira chimbudzi umakhala waukulu, pa kakazi mabowowo amakhala moyandikana kwambiri. Kulakwitsa pamenepa kumachitika kawirikawiri. Bere limatenga masiku 18 mpaka 22 malinga ndi mtundu, kakazi kamatha kutenga bere lina tsiku lomwe kabereka, ndipo ana amayamba kuberekana asanakwane miyezi iwiri.

Tsopano nkhanambo mwaionayo. Pamene patuluka magazi, nkhani yasiya kukhala yodikira msonkhano. Kameneko kayenera kuchotsedwa lero ndi kuonedwa ndi dokotala wa ziweto. Bala la mano limatseka msanga pamwamba majeremusi ali m'kati, ndipo pakapita masiku ochepa pamatuluka chithupsa cha mafinya. Asapatsidwe mankhwala otsala m'kabati: penicillin ndi amoxicillin amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo a hamster ndipo kanyamako kakhoza kufa ndi mankhwalawo. Mukapeza tikumenyana, musalowetse dzanja, tidzakulumani mpaka magazi. Vundikirani kamodzi ndi kapu kapena lowetsani chidutswa cha katoni pakati, kenako itanani wosamalira nthawi yomweyo. Tikasiyanitsidwa chifukwa cholumana tisabwezeredwenso pamodzi. Anthu amayesa kutsuka khola kuti fungo lithe n'kutibwezera, koma nkhondo imayambiranso, nthawi zambiri moopsa kuposa poyamba.

Za kanenedwe. Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti mwana saphunzitsa wamkulu, ndipo mantha anu ndi omveka. Koma pa maphunziro amene mukuchitawa, kuona vuto pa chiweto n'kulilemba ndi ntchito imene akukuphunzitsani. M'chipinda cha ziweto mumakhala buku kapena mapepala olembapo thanzi la chiweto chilichonse tsiku ndi tsiku. Yambirani mmenemo. Lembani tsiku, nthawi, chimene mwaona ndi kulemera kwake, popanda mawu oweruza. "Bala la mamilimita 3 kumanzere kwa mchira, magalamu 34, sabata yatha anali 38" ndi mawu amphamvu kuposa "tikuzunzika". Chimene chalembedwa m'buku la koleji sichingakanidwe kuti sichinanenedwe. Zithunzi n'zothandiza, koma funsani kaye ngati malamulo a chipindacho amalola foni.

Mukatero bwererani kwa wosamalira yemwe uja, pa nthawi imene palibe ophunzira ena, ndipo mum'patse mpata wosintha maganizo osachita manyazi. Muonetseni balalo ndi manambala, mufunse kuti, "Kodi pali khola lina loti tiikemo kameneka mpaka dokotala akaone?" Nthawi zambiri wosamalira ndi munthu amene ali ndi ziweto zambiri, ndalama zochepa, ndipo khola limenelo analipeza lili choncho. Akakana, lembani imelo kwa mphunzitsi wanu ndi kwa mkulu woyang'anira ziweto za pakoleji. Ikhale yaifupi: zimene mwaona ndi masiku ake, amene munauza kale, chimene mukupempha, ndi tsiku limene mukuyembekezera yankho. Pa chiweto chovulala, tsiku limodzi ndi lokwanira.

M'imeloyo tchulani lamulo kamodzi kokha, mofatsa. Gawo 9 la Animal Welfare Act 2006, imene imagwira ntchito ku England ndi ku Wales, limalamula aliyense wosunga chiweto kuchipatsa zinthu zisanu: malo oyenera, chakudya choyenera, mpata wochita zimene chimachita mwachibadwa, kukhala pamodzi ndi zinzake kapena padera malinga ndi kusowa kwake, ndi chitetezo ku ululu, kuvulala ndi matenda. Mawu oti "kapena padera" ali m'lamulo momwemo. Koleji yanu imaphunzitsa zinthu zisanuzi m'kalasi, ndiye simukubweretsa chachilendo.

Pempho lanu likhale loti munthu atha kuvomera. Chabwino koposa ndi khola limodzi kanyama kamodzi. Mabungwe osamalira ziweto monga Blue Cross amalangiza khola losachepera masentimita 100 m'litali ndi 50 m'lifupi kwa hamster mmodzi, ngakhale wamng'ono. Gudumu likhale losachepera masentimita 20 kukula kwake, lopanda mipata pothamangirapo, kuti msana usapindike ndipo miyendo isakodwe. Zoyala za pansi pa khola zikhale zakuya zoti n'kukumbamo una. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Bern ku Switzerland wa mu 2006, ngakhale anachitika pa Syrian, anayerekeza zoyala zakuya masentimita 10, 40 ndi 80, ndipo amene anali pa 10 ndi amene ankatafuna kwambiri mawaya a khola. Pakhalenso mbale ya mchenga wosambamo, ndipo asaikemo zoyala zonga thonje zija, chifukwa zimakulunga miyendo ndi kutseka matumbo.

Adzakuuzani kuti makola 6 otere alibe malo ake kapena ndalama zake. Khalani ndi yankho m'thumba. Bokosi lalikulu la pulasitiki losungiramo katundu, lodulidwa chivindikiro n'kuikapo waya wa timabowo tating'ono, limagwira ntchito ngati khola pa mtengo wochepa, ndipo ophunzira atha kulipanga ngati ntchito ya m'kalasi. Mabokosi otere amaikika pa mashelefu. Njira ina ndi kuchepetsa chiwerengero: koleji isunge tiwiri m'makola awiri, tinato tipezeredwe eni atsopano. Kuphunzitsa kagwiridwe ka hamster sikufuna tinyama 6.

Ngati aumirira kusiya tina pamodzi, monga ta Roborovski ta mimba imodzi timene sitinalumanepo, ndiye pakhale tiwiri tokha, osapitirira. Chilichonse chikhale chiwirichiwiri: magudumu, mabotolo, tinyumba. Kanyumba kalikonse kakhale ndi makomo awiri kuti kena kasatsekeredwe m'kati. Mapaipi ndi nsanja achotsedwe, chifukwa ndi malo amene kamphamvu kamalanda n'kumalondera. Chakudya chimwazidwe m'zoyala m'malo moikidwa m'mbale imodzi. Khola lapadera likhale lokonzeka nthawi zonse. Ine ndimaona kuti ngakhale zonsezi zitachitika, pakoleji si malo oyesera zimenezi, chifukwa Loweruka, Lamlungu ndi nthawi ya holide wosamalira amangodutsa kudzathira chakudya masana.

Imelo ikapanda kuyankhidwa, kwerani sitepe imodzi: mkulu wa dipatimenti, kenako dandaulo lolembedwa motsatira ndondomeko ya madandaulo ya koleji, imene imapezeka pa webusayiti yake kapena ku ofesi yothandiza ophunzira. Funsani ngati pali komiti yoona za umoyo wa ziweto, komanso ngati dokotala amene amayendera kolejiyo anaonetsedwa khola limeneli. Mukapita ndi woimira kalasi yanu kapena anzanu awiri atatu amene aona zomwezo, nkhani imasiya kuoneka ngati ya munthu mmodzi wovuta. Pa za mamalikisi, chitetezo chanu ndi mapepala omwewo: sungani imelo iliyonse ndi yankho lake, ndipo zimene mwakambirana pakamwa zitsatireni ndi imelo yaifupi yobwereza zimene mwagwirizana.

Kunja kwa koleji kuli RSPCA, bungwe loteteza ziweto ku nkhanza, ndi khonsolo ya dera lanu, imene ili ndi mphamvu pansi pa lamulo lomwe lija. Ku Scotland lamulo lake ndi lina, la chaka chomwecho cha 2006, ndipo kumeneko mumaimbira Scottish SPCA. Dziwani kuti oyendera a RSPCA alibe mphamvu yolowa pamalo mokakamiza popanda apolisi, ndipo amayamba ndi nkhani zoopsa kwambiri, choncho adzafuna zomwe zija: masiku, zithunzi, manambala a sikelo ndi umboni woti munauza oyang'anira koma sanachitepo kanthu. Musathamangire kuika zithunzi pa Facebook kapena TikTok, ndipo musatenge kanyamako kupita nako kwanu mobisa. Zonse ziwirizi zimasandutsa mlandu wa khola kukhala mlandu wa khalidwe lanu, ndipo chachiwiricho ndi kuba. Ngati mukufuna kukasunga kovulalako, pemphani molemba kuti akupatseni, mutakonzeratu khola kunyumba komanso mutafunsa eni nyumba ngati amalola ziweto.