Asisi, nambala imene akupatsaniyo musayiimbire

Asisi, ndawerenga zimene mwalemba m'gulu muno ndili m'basi kuchokera kuntchito ndipo mtima wanga wangoti myuu. Mwana wa zaka 17, provisional (laisensi yophunzirira kuyendetsa galimoto kuno ku UK) ili m'manja, mtengo wa inshuwalansi ya galimoto wakuimitsani mutu, ndiye m'makomenti muno wina wakuponyerani kale nambala ya WhatsApp ya munthu woti amakonza zotchipa. Ine ndinadutsa momwemo mu 2023 ndipo mpaka lero ndikulipirabe. Chonde musayiimbire.

Wanga anakwanitsa zaka 17 mu June chaka chimenecho. Provisional £34 pa intaneti, theory (mayeso a malamulo a pamsewu) £23, anakhoza kamodzi kokha. Womuphunzitsa ankatenga £38 pa ola, ndipo iye yemweyo anatiuza kuti mnyamatayu aziyeserera ndi galimoto yapakhomo, apo ayi tidzatha ndalama zambiri. Ndinaimbira kampani imene ndinali nayo kuti amuikepo pa Corsa yanga ya 2012, galimoto yoti ndinagula £2,300. Anati ndiwonjezere £1,900 pachaka. Ndinawafunsa kawiri, ndimaganiza kuti sindinamve bwino. Ine ntchito yanga ndi ya care, khomo ndi khomo kusambitsa agogo ndi kuwamwetsa mankhwala, lendi ikundidikira, kumudzi amayi akudikira ya feteleza. £1,900 ndikanaitola kuti?

Lamlungu titaweruka ndinadandaula tikumwa tiyi kutchalitchi, mayi wina anandilozera bambo wina. Wakwathu, wodziwika kwa aliyense, pamaliro amakhala woyamba kufika, galimoto yake imanyamula anthu kupita ku eyapoti. Anandikokera pambali nati, "Asisi musavutike, anthuwa amangotibera ife obwera, ine ndili ndi njira. Nonse awiri ndikukonzerani ya chaka chonse pa £650." Yanga inali kutha mu September, anati ndingoisiya ithe. Ndinatumiza ndalama ku akaunti ya dzina lake lenileni, usiku womwewo setifiketi inabwera pa WhatsApp, chizindikiro cha kampani chili pamwamba, manambala onse alipo. Nditadikira masiku angapo ndinaika nambala ya galimoto pa askMID, webusaiti yoonera ngati galimoto ili pa inshuwalansi, inaonetsa kuti ili ndi inshuwalansi. Ndinagwada m'khitchini kuthokoza Mulungu. Ndipo chimene chimandipweteka kwambiri nchoti ndinauzanso anzanga awiri kuti apite kwa iye.

Loweruka lina mu November, cha m'ma 4 madzulo, kunja kwayamba kale kuda, kamvula kowaza kaja ka kuno. Tinkachokera kogula ufa ndi nsomba, tili pa Narborough Road ku Leicester kuno, iye pa chiwongolero, ine pambali, ma L osonyeza kuti ndi wophunzira kutsogolo ndi kumbuyo. Ankayendetsa bwino tsiku limenelo moti ndinali nditangomuyamikira kumene kuti wasiya kuiwala magalasi. Kenako magetsi abuluu kumbuyo. Anandiyang'ana nati, "Mami, ndalakwitsa chiyani?" Ndinati palibe mwana wanga, ingopatuka, onetsa indiketa, ima bwinobwino. Poima galimoto inazima, mwendo unali utayamba kale kunjenjemera pa kilatchi.

Wapolisi anali mayi, waulemu ndithu. Anati kamera yawo yowerenga manambala yaonetsa kuti galimotoyi ilibe inshuwalansi. Ine kumwetulira, kutulutsa foni, kumuonetsa setifiketi, mtima uli m'malo. Anaitenga, anakaima pamvula paja akuimba foni, mphindi ngati 15. Ife tili m'galimoto, mawaipa akungopita uku ndi uku, nsomba zayamba kununkha kumbuyo. Atabwera anawerama pawindo langa nalankhula chapansipansi kuti mwana asamve, koma anamva zonse. Nambala ya inshuwalansiyo inali yeniyeni. Koma bambo uja anailembetsa kuti ndili ndi zaka 58, adiresi ya mudzi wina ku Norfolk kumene sindinapondeko phazi, dzina la mwana wanga panalibe nkomwe, ndipo anaithetsa kumayambiriro kwa October. Ndiye kuti munthu uja anagula yotchipa ndi mabodza kuti ioneke pa kompyuta masabata oyamba, kenako anaithetsa nalandira ndalama zobwezedwa, za ine nazonso zili m'thumba. Mwezi wathunthu ndi masabata ndakhala ndikuyenda kwa agogo, nthawi zina kuwanyamula kupita kwa dokotala, popanda kalikonse. Ndikanagunda mwana wa eni pamsewu bwezi lero ndili kuti?

Ndinacheukira mwana wanga. Manja anali akadali pa chiwongolero momwe anamuphunzitsira, zala zitauma, akungoyang'ana kutsogolo. Wapolisi anapempha makiyi, iye sanathe kuwazula, ndinazula ndine. Lole inabwera kudzanyamula galimoto. Tinatsitsa katundu m'mbali mwa msewu, thumba la ufa la 10kg, jumbo ya nsomba, yunifolomu yanga, bokosi la magolovesi, ambulera yothyoka. Anthu m'mashopu akungotisuzumira. Galimoto ili pafupi kukwezedwa, mwana anathamanga kukamatula L wakumbuyo, wa maginito uja, anaugwira pachifuwa ngati mbale, madzi akudontha. Chimenecho chokha sindidzachiiwala.

Ndinaimbira bambo uja pomwepo. Inaitana, inaitana, osayankha. Kachiwiri foni yozima. Pa WhatsApp chithunzi chake chinachoka ndikuona ndi maso angawa, uthenga wanga unangotsala ndi kachongi kamodzi. Nthawi imeneyo 5 koloko yayandikira, agogo ena akudikira kuti ndikawapatse mankhwala ndi chakudya chamadzulo, ndinaimbira ku ofesi mawu akukanika kutuluka. M'basi mwana sanalankhule, ufa uli pamiyendo. Titafika kunyumba ndipamene anafunsa kuti, "Ndiye kuti ndili ndi mlandu tsopano? A ku yunivesite adziwa?" Ndinalowa kubafa, ndinatsegula mpopi kuti asamve, ndinalira.

Kuno kunena kuti sindinadziwe sikukuchotsera mlandu wa inshuwalansi. Mwana analandira chindapusa cha £300 ndi mapointi 6 a chilango, pa provisional, asanakhoze nkomwe. Ine kalata yanga inabwera pambuyo, mapointi 6 ndi chindapusa, chifukwa cholola munthu kuyendetsa galimoto yanga yopanda inshuwalansi. Kuti galimoto ituluke £192, kuwonjezera £26 tsiku lililonse imene yagona kumeneko, yanga inagona masiku 5 chifukwa safuna inshuwalansi wamba, amafuna yolola kutulutsa galimoto yolandidwa, ndipo ndi yodula ngati golide. Ukachedwa kupitirira masabata awiri akhoza kuigulitsa kapena kuiphwanya. Ndinapempha amayi a chipereganyu kuti andisunthire mwezi wanga patsogolo. Chaka chimenecho feteleza kumudzi sanapite, ndinawanamiza amayi kuti maola antchito achepa.

Tsono chimene chinandiwawa koposa ndalama. Nditauza akuluakulu a kutchalitchi, anandiitana kuti tikambirane ngati abale. Akuti musathamangire kupolisi, mumuwonongera mapepala, ali ndi ana. Ali ndi ana! Nanga wanga ndi mwana wa mbuzi? Zinadziwika kuti mabanja enanso anawachita zomwezo, ena anali atadziwa kale koma anakhala chete chifukwa cha manyazi, nandisiya ine ndikugwera m'dzenje lomwelo akuona. Mayi amene anandilozera uja mpaka lero amandizemba. Bamboyo anangosamukira mzinda wina, ndamva kuti akuimba kwaya kumeneko. Madobadoba tinawasiya kumudzi, kuno tawapeza atavala masuti, atanyamula Baibulo. Ndinakanena kupolisi ndithu, ndipo sindinong'oneza bondo. Ndalama sizinabwere.

Makampani nawonso sindikuwasiya. Iwowo ndi amene amatikankhira m'manja mwa akubawa. Lamulo likuti uyenera kukhala ndi inshuwalansi, boma likutengapo msonkho wa 12% pamwamba, ukati ndizilipira pamwezi chifukwa ulibe zonse pakamodzi amaikapo chiwongoladzanja, katapila weniweni, ndiye wosauka ndi amene amalipira zambiri. Amayang'ananso postcode, ukakhala m'dera la ife anthu alendi mtengo umakwera ngakhale usanagundepo kanthu chibadwire. Ndipo amene mukuti wanu ndi mtsikana zikhala bwino, iwalani, kuyambira December 2012 saloledwa kusiyanitsa mtengo wa mnyamata ndi mtsikana. Ndikudziwa chimene amaopa, si Corsa ya £2,300 ayi, amaopa mwana atanyamula anzake anayi usiku, ngozi itachitika, wina nkulumala moyo wonse, ndalama zake zimafika mamiliyoni. Ndikumvetsa. Koma kholo logwira care lichite bwanji?

Chimene ndinadziwa mochedwa, ndipo palibe anandiuza, nchoti simufunika kumuika mwanayo pa inshuwalansi yanu. Pali yapayokha ya ophunzira, mumagula ya sabata, ya mwezi kapena miyezi ingapo, imakhala m'dzina la mwanayo pa galimoto yanu, ndipo akagunda chinthu no claims yanu, kuchotsera kumene amakupatsani mukakhala osapempha chipukuta misozi, sikhudzidwa. Ndikanadziwa bwezi nditalipira ndalama zochepa kuposa zimene ndinapatsa wakuba uja. Koma samalani, imeneyi imatha mphindi yomwe wakhoza. Woyesa akangoti wakhoza, pobwerera kunyumba muyendetse ndinu, asakhudze chiwongolero mpaka mutagula ina. Ndipo konzekerani, mtengo umene mukulira nawo lerowu ndi waung'ono, phiri lenileni limabwera akakhoza, chifukwa tsopano akuyenda yekha.

Onaninso za inuyo amene mukhale pambali pake. Muyenera kupitirira zaka 21 ndipo laisensi yanu yathunthu ikhale itatha zaka 3, makampani ena amafuna wa zaka 25. Laisensi ya kumudzi siwerengedwa pa zimenezi, ya Malawi sasintha nkomwe kuno, umayenda nayo miyezi 12 kenako ukayesedwe mwatsopano, si ngati anzathu a ku Zimbabwe ndi South Africa amene amangosinthitsa. Foni m'manja mukakhala pambalipo ndi mlandu ngati mukuyendetsa ndinu. Pa motorway musamutengere, amaloledwa ndi mphunzitsi wovomerezeka yekha, pa galimoto ya mapedulo awiri.

Ena akuuzani kuti akakhoza mugule galimoto yake koma mulembe kuti woyendetsa wamkulu ndinu, iye ongowonjezerapo. Musayerekeze, kumeneko amakutcha fronting ndipo ndi chinyengo pamaso pa lamulo. Ngozi ikachitika amafufuza amene amapita nayo kukoleji tsiku ndi tsiku, amathetsa inshuwalansiyo, ndipo funso loti kodi inshuwalansi yanu inathetsedwapo lidzakutsatani kulikonse. Chololedwa ndi kutembenuza, iye woyendetsa wamkulu, inu owonjezerapo, zimatsitsako pang'ono. Galimoto musanagule yambani mwafunsa mtengo wa inshuwalansi yake, magulu ake amayambira 1 mpaka 50, funani za pansi monga Hyundai i10, Kia Picanto, VW Up. Ndipo musaganize kuti third party, yolipira anthu ena okha amene mwawaonongera, ndiye yotchipa, kwa ife comprehensive, yolipiranso galimoto yanu, inatsika kuposa iyo.

Wanga anakhoza mu 2024, £62 ya mayeso, ulendo wachiwiri. Mapointi aja anamutsata pa laisensi yatsopano, akhalapo mpaka November 2027, ndipo pa zaka ziwiri zoyamba atakhoza akangowonjezera ngakhale atatu a liwiro laisensi imalandidwa, ayambirenso theory. Makampani ambiri ankangokana akaona IN10, chizindikiro cha mlandu woyendetsa popanda inshuwalansi. Amene anavomera anati ndi black box basi, kabokosi koyang'anira mmene akuyendetsera, £3,400. Kabokosi kameneka ndimadana nako, mwana amaweruka 11 usiku kuntchito yake ya kumapeto a sabata ndipo kamamudula mamaki chifukwa choyenda usiku, ngati akupita kumowa. Komabe ikani, popanda iko sitikanakwanitsa.

Kunena zoona, ndikanabwerera m'mbuyo ndikanamuuza adikire mpaka zaka 21, basi zilipo, palibe anafa chifukwa chokwera basi. Koma wanuyo, poti provisional ili kale m'manja, musamuchedwetse, ayambe pano, chaka chilichonse chopanda ngozi chimatsitsa mtengo, ndipo theory imatha pakapita zaka 2, malo oyesera practical nawonso amavuta kupeza, bukani msanga.

Munthu aliyense wogulitsa inshuwalansi muzimuyang'ana pa kaundula wa FCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma kuno, ndi waulere pa intaneti. Akakhala ndi nambala ya m'manja yokha, akati tumizani ku akaunti yanga, thawani, kaya ndi m'busa, kaya ndi wa kwanu ku Ntcheu. Setifiketi ikabwera imbirani kampaniyo nokha pa nambala ya pa webusaiti yawo, afunseni akuwerengereni dzina, zaka ndi adiresi, askMID yokha inandinamiza ine. Amene munabedwa kale kaneneni ku Insurance Fraud Bureau, bungwe lofufuza chinyengo cha inshuwalansi, salemba dzina lanu mukapanda kufuna. Za anthu akwathu pa nkhani ya ndalama ine ndinasamba m'manja. Koma ndilembereni ku inbox asisi, pali mtsikana wina wakwathu amene amagwira ntchito ku ofesi ya inshuwalansi yeniyeni, ndi amene anatipezera ya black box ija, ndikupatsani nambala ya ku ofesi kwake.

A admin, chonde chotsani nambala ili m'makomenti pamwambapo. Ndayerekeza ndi imene ndinasunga, si yomweyo, koma mawu amene alembawo ndi omwe aja anandiuza ine pa tiyi.