Yankho kwa aphunzitsi ofuna kuonetsa ana mabakiteriya a m'manja

Aphunzitsi, mwafunsa ngati ana a Fomu 3 angameretse mabakiteriya a m'manja mwawo pa jelatini, kenako n'kutsegula mbalezo kuti aone pa maikulosikopu. Kumeretsako n'kotheka, koma zotsegulazo ayi ndithu.

Jelatini akugwiritsani fuwa lamoto. Kukatentha ngati mu Okutobala amasungunuka, ndiponso mabakiteriya ena amamudya. Vuto lomweli linasautsa anthu a mu labu ya Robert Koch ku Germany, mpaka Fanny Hesse atapereka nzeru ya agar, wochokera ku ndere za m'nyanja. Pezani nutrient agar (agar wokhala ndi chakudya cha mabakiteriya), mumuphike mu pressure cooker pa madigiri 121 kwa mphindi 15. Kungowiritsa pa mbaula sikupha tizilombo tonse.

Agar akauma mu petri dish (kambale ka mu labu kokhala ndi chivindikiro), mwana akhudzepo ndi chala pang'onopang'ono, mulembe dzina ndi tsiku kunsi kwa mbale. Matani ndi tizidutswa tiwiri kapena tinayi ta selotepi, osazunguliza, chifukwa mpweya ukasowa mumakula mitundu ina yoopsa. Ikani mbale mozondotsa, chivindikiro chili pansi, kuti madzi asadonthere pa agar, pamthunzi, cha m'ma digiri 25. Musafune 37, kumeneko ndi kutentha kwa thupi lathu, komwe tizilombo toyambitsa matenda timakukonda. Mbale imodzi isakhudzidwe ndi aliyense, ndiyo ikuuzeni ngati munaphika bwino.

Pakatha masiku awiri kapena atatu muona timadontho tosalala, toyera ndi tachikasu. Zaubweyazo ndi nkhungu. Kadontho kamodzi kali ndi mabakiteriya mamiliyoni, ndipo inu simukudziwa kuti ndi amtundu wanji. Ndicho chifukwa ndikukana zotsegula. Musatengenso za kuchimbudzi, za m'kamwa kapena madzi a pachitsime; kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira.

Musadabwe chala chosamba chikameretsa zambiri kuposa chosasamba. Zimachitika, makamaka chikakhala chonyowa, poti madzi amatakasa mabakiteriya okhala pakhungu nthawi zonse. Anawo akambirane zimenezi, musawabisire.

Za maikulosikopu, gulani chambiko kapena yogati. Pakani pang'ono kwambiri pa silaidi, ziume, dontheranipo utoto wa methylene blue, tsukuluzani, muone ndi lenzi yamphamvu. Timikanda ndi tindodo tabuluu tija ndi mabakiteriya amene amasasitsa mkaka, ndipo sadwalitsa.

Mukamaliza, mbale zonse zibwerere mu pressure cooker zili chitsekere musanazitaye, ndipo aliyense asambe m'manja ndi sopo.