Kwa achimwene ofuna kupita ku Maine pa RV

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku ndili kuntchito, ndiye ndati ndiyankhe pagulu pano poti mwina alipo ena akulingalira zomwezi. Mwati apongozi anu afika kuchokera kumudzi, mukufuna kubwereka RV (galimoto yokhala ngati nyumba, ya mabedi ndi pophikira) ya mafiti 30 kuti banja lonse muchoke ku Silver Spring, ku Maryland, mpaka ku paki ya Acadia, ku Maine, koma mtima ukukugundani mukaganiza za msewu waukulu wa I-95 magalimoto atathithikana. Mwatinso poti munayendetsapo Canter ku Lilongwe mwina sizivuta. Ulendo ngati womwewu ine ndinauyenda ndi mayi a kunyumba, ana awiri ndi apongozi anga aakazi. Tinakafika ndithu, koma tsiku loyamba ndinatsika m'galimoto zala zitauma, khosi losatembenuka.

Laisensi isakudetseni nkhawa, yanu ya Maryland yomweyo ikwana chifukwa ma RV obwereketsawa safika mapaundi 26,000. Canter nayo inakuphunzitsani chinthu chimodzi chabwino, kuyenda ndi magalasi a m'mbali osadalira la m'kati. Kupitirira apo iwalani. Leni ya pa Interstate, misewu ikuluikulu ngati I-95, ndi mafiti 12 mulifupi, pomwe RV ndi mafiti 8 ndi kanthu, ukawerengera magalasi imayandikira 10. Ndiye uku ndi uku umatsala ndi kampata kochepa zedi, kwinaku mathiraki akudutsa pa liwiro la mamailosi 65 kapena 70 pa ola. Thiraki ikamakupitirira, mphepo yake imayamba yakukankhira kumanja, ikafika pakati imakukokeranso kwa iyo. Poyamba ndinkalimbana nacho chiwongolero, galimoto n'kumayendera dzandidzandi ngati bwato tsiku la mwera. Pambuyo pake ndinazindikira kuti ukaiona pagalasi ikubwera, umangogwira ndi manja awiri, kuchepetsa moto pang'ono, n'kuisiya ipite.

Koma otopetsa kwenikweni si a mathiraki ayi, iwo amadziwa kulemera kwa galimoto. Ndi anzathu a timagalimoto tating'onofe. Iwe wasiya mpata kutsogolo kuti chinyumba chimenechi chikafuna kuima chiime bwino, iwo amaona ngati wawasungira malo. Walowa wina, walowanso wina, wachitatu walowa n'kuponda buleki pomwepo. Mukati muzikwiya ndi aliyense, mutu ukhala utayamba kuwawa musanafike ku Delaware. Bwererani m'mbuyo, siyaninso mpata wina. Pamene pali maleni anayi ine ndimakhala wachiwiri kuchokera kumanja, chifukwa wa kumapetowo ndi umene anthu amalowera ndi kutulukira, komanso umangozindikira walembedwa kuti ndi wotulukira basi, iwe ulibe koti uthawire. Ukasankha leni khala momwemo. Woimba hutala kumbuyo aimbe, adutsa.

Tsopano nkhani yaikulu ndi njira, ndipo apa mundimvetsetse. RV imakhala ndi thanki ya gasi wa propane wophikira ndi wa filiji, ndipo gasi ameneyu saloledwa paliponse. Ku Baltimore, Fort McHenry Tunnel ya pa I-95 ndi Harbor Tunnel ya pa I-895 zonse zimakana thanki yoposa mapaundi 10. Kale anthu ankazembera pa Key Bridge, koma mukukumbuka kuti mlathowu unagwa pa 26 March 2024 sitima ya Dali itaugunda. Chotsala ndi kuzungulira pa I-695 mbali ya kumadzulo, ndipo nthawi yowerukira kumeneko kumadzaza. Mukaoloka Delaware Memorial Bridge n'kulowa New Jersey Turnpike, kutsogolo msewu umagawika pawiri, wa m'kati wa magalimoto ang'onoang'ono okha, wa kunja wa onse kuphatikizapo mathiraki ndi mabasi. Inu ndi wa kunjawo. Ku New York, za Holland ndi Lincoln Tunnel musaziganizire n'komwe. George Washington Bridge mutha kuoloka pamwamba pokha osati pansi, koma mukaoloka mwagwera mu Cross Bronx Expressway, msewu woti munthu atha kuwotcha chimanga n'kudya asanasunthe. Ife tinazemba pa I-287 n'kukaolokera pa mlatho wa Mario Cuomo, umene ambiri akuutchulabe kuti Tappan Zee.

Pamenepo m'pomwe ndikanaona zakuda. Titangooloka, mapu a pafoni anati tipatukire pa Hutchinson River Parkway, akuti tipulumutsa mphindi zingapo. Indiketa ndinali nditayatsa kale. Mayi a kunyumba ndi amene anakuwa, ataona chikwangwani chonena kuti msewuwo ndi wa magalimoto ang'onoang'ono okha. Ndinabweza chiwongolero, wa kumbuyo anaimba hutala mpaka apongozi anayamba Atate wathu wa kumwamba mokweza. Tinapitirira pa I-287 mpaka kukalumikiza I-95 ku Rye. Misewu yotchedwa parkway ya ku New York inamangidwa kalekale, ili ndi milatho ya miyala yofupika, ina yoti RV siingadutse pansi pake. Merritt Parkway ya ku Connecticut imakaniratu galimoto ya msinkhu woposa mafiti 8, pomwe yanuyo ikhala cha m'ma 11 kapena 12. Mapu wamba a pafoni sadziwa kuti mwasenza nyumba, amangoona ngati muli pa Corolla. Ikani app ya ma RV kapena ya mathiraki imene imafunsa msinkhu wa galimoto, ndipo msinkhuwo muulembe pa kapepala, mumate pa dashibodi pomwe diso lingaone msanga.

Pobwerera sitinafunenso zimenezi, ndipo ndikanakhala inu ndikanayenda njira imeneyi popita pomwe. Kuchoka ku Silver Spring mutenge I-270 mpaka Frederick, US-15 mpaka Harrisburg, I-81 mpaka Scranton, kenako I-84 kudutsa Newburgh, Danbury ndi Hartford, mukalowe I-90 ku Massachusetts, n'kuzungulira Boston pa I-495. Mu Boston mwenimweni musalowe, ma tunnel ake nawonso amakana gasi. Njirayi ndi yotalikirapo ndipo ili ndi zitunda, mathiraki nawo ndi ambiri pa I-81, koma mwazemba Baltimore, Philadelphia ndi New York zonse. Pa mitsetse dinani batani la tow/haul kuti injini izithandiza kugwira galimoto, mabuleki asatenthe. Hartford yokha muionetsetse kuti simukufikapo cha m'ma 4 kapena 5 madzulo.

Ulendowu ndi wa mamailosi oposa 700. Pa galimoto yaing'ono anthu amaumaliza tsiku limodzi, pa RV musayerekeze. Nthawi imene foni yanena muwonjezerepo ndithu, chifukwa muziyenda 60, muziima pafupipafupi, ndipo maola awiri pa chiwongolero chimenechi amatopetsa ngati anayi. Gonani panjira, ndi chifukwa chake mwabwereka galimoto ya mabedi. Nyamukani kusanache, kapena dikirani a kuntchito athe cha m'ma 10. Lachisanu masana nyengo yotentha ino aliyense akuthamangira kunyanja, ndiye tsiku limenelo lisiyeni.

Za m'kati nazo zimasokoneza woyendetsa kuposa mmene mungaganizire. Ife tinanyamuka filiji osaikhoma bwino. Pa Beltway pomwepa, msewu wozungulira Washington, tisanapite n'kutali komwe, wina anandidula kutsogolo, ine buleki, chitseko cha filiji phwaa, chigubu cha thobwa chimene apongozi anaphika usiku wonse chinagubuduzika mpaka pa mapazi anga. Ana kuseka, apongozi kudandaula thobwa lawo, ine ndikuopa kuti chigubu chilowa pansi pa buleki. Kuyambira pamenepo sindiliza injini ndisanayendere kabati iliyonse, mapoto ndi mbale zili m'malo mwake. Ndipo muwauze apongozi mwaulemu kuti bedi la kumbuyo ndi logonapo galimoto itaima. Ikamayenda aliyense akhale pampando wa lamba. Ngati muli ndi mwana wa car seat, funsani obwereketsawo akuonetseni mpando umene imamangika bwino musanasaine chilichonse.

Alamu akhale kutsogolo, ntchito yawo ikhale kuwerenga zikwangwani ndi kuyang'ana galasi la kumanja, ndipo azinena msanga, kukadali mailosi imodzi kapena awiri. Mukaphonya potulukira musadule maleni, pitani mukatulukire patsogolo. Pothira mafuta sankhani malo a mathiraki monga Pilot, Flying J kapena Love's, pali bwalo lokhotera. Samalani ndi kumbuyo kwa galimoto, mukakhotera kumanzere iko kumamenyera kumanja, ndipo timizati ta pa pampu tadya ma RV ambiri. Mafuta imamwa ndithu, galoni imodzi mamailosi 8 kapena 10, bajeti yanu ikhale yodziwa zimenezo. Ku New Jersey musatsike kuti muthire nokha, lamulo lawo amathira ndi antchito a pamalopo, ngati kwathu. Ma toll ambiri masiku ano si a pamanja ngati pa Chingeni, kamera imangojambula nambala, ndiye funsani ngati mungaike E-ZPass yanu, kachipangizo kolipirira ma toll kaja, apo ayi bilu idzakupezani kudzera kwa obwereketsa itanenepa.

Ngati n'kotheka itengeni tsiku limodzi ulendo usanafike. Pezani bwalo la sukulu kapena la tchalitchi lopanda magalimoto, muyese kukhota, kubwerera m'mbuyo alamu akukulozerani ali panja pomwe mukuwaona pagalasi, kenako mukwere I-270 mpaka Frederick n'kubwerako. Mathiraki awiri atatu akakudutsani mudziwa ngati mafiti 30 mukuwatha, kapena mupemphe ya 25 nthawi ikadalipo. Thobwa muliike pansi, m'kabati yokhoma.