Kodi Reign of Giants ya 2014 n'kuitayirabe ndalama? Yankho kwa mnzathu wa laputopu yakale

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa inu amene mumawerenga kuno. Akufunsa za Don't Starve, gemu yoyesetsa kukhala ndi moyo m'tchire ukuyendetsa munthu ngati Wilson, ndi za Reign of Giants, DLC yake (chowonjezera chogula padera) pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti. Ndaidula pang'ono, koma mfundo yake ndi iyi:

"Achimwene, ndili ndi Don't Starve pa Steam, ija yosewera wekha. Ndasewera miyezi itatu, chisanu ndimachidutsa bwinobwino tsopano, ndipo ndi Wilson ndafika tsiku la 90. Vuto ndi loti ndayamba kuboweka. Ndaona kuti kuli DLC yotchedwa Reign of Giants, koma ndi ya 2014. Chinthu chakale chonchi n'kuchitayirabe madola masiku ano? Kapena ndingosunga ndalamayo ndidzagule Don't Starve Together? Laputopu yanga ndi yakale ndipo data sindikhala nayo nthawi zonse."

Gulani, achimwene. Chifukwa chake mwachilemba nokha m'kalata mwanumo, pamene mwati mwayamba kuboweka. Mukanandiuza kuti mukufabe ndi njala tsiku la 25, ndikanati ndalamayo mukagule bandulo.

Za ukalamba wake musade nazo nkhawa. Gemu ya mpira ya 2014 ndiyo imakalamba, chifukwa osewera ake ambiri anapachika nsapato kalekale ndipo ma jezi anasintha. Don't Starve si yotero. A Klei Entertainment a ku Vancouver, Canada, anaitulutsa mu April 2013, kenako Reign of Giants mu April 2014, ndipo zithunzi zake ndi zojambula pamanja, zooneka ngati timapepala todula ndi sizasi. Momwe inkaonekera nthawi imeneyo ndi momwe ikuonekera lero. Laputopu imene ikukwanitsa Don't Starve ikwanitsanso DLC imeneyi.

Chimene chakutopetsani ndikuchidziwa, nanenso chinanditopetsapo. Gemu yoyambayo ili ndi nyengo ziwiri zokha, ya mtendere ndi ya chisanu. Ukangomanga Crock Pot (poto wophikira), n'kukhala ndi timinda, poyanika nyama, chipewa cha ubweya wa Beefalo (njati za m'gemu) ndi mwala wofunditsa uja, nkhondo yatha. Agalu amabwera, umawathamangitsira kwa ma Beefalo. Deerclops, chimphona cha diso limodzi, amabwera kumapeto kwa chisanu, umamusocheretsa kutali ndi msasa. Kenako masiku 20 a mtendere, ukungozula udzu ngati mkulu wopuma pantchito. Dzina la gemu likuti usafe ndi njala, koma iwe filiji ili tho.

Reign of Giants imalanda tchuthi chimenecho. Chaka chimakhala ndi nyengo zinayi, pafupifupi masiku 70 onse pamodzi, ndipo popeza tsiku limodzi m'gemu ndi mphindi 8, chaka chathunthu ndi maola oposa 9 uli pampando. Mwa nyengo zinayizo, ya mtendere ndi imodzi yokha, Autumn, yomwe ine ndimangoti masika. Chisanu mukuchidziwa kale. Zatsopano zenizeni ndi ziwiri zotsalazo.

Spring ndimaitcha dzinja, chifukwa ndi mvula yokhayokha. M'gemu yakale mvula inkangochepetsa nzeru pang'ono n'kufooketsa moto. Kuno munthu umanyowa, ndipo pamakhala kachizindikiro kosonyeza kuti wanyowa kufika pati. Ukanyowa kwambiri nkhwangwa imaterereka m'manja uli pakati podula mtengo, mkondo umagwa agalu ali pamsana, nkhuni zonyowa siziyaka bwino, chakudya chimaonongeka msanga, ndipo utha kufa ndi kuzizira chipale chitasungunuka kale. Njuchi zonse zimalusa. Ndiye pali tsiku lina limene kumwamba kumagwa achule. Achule enieni, ambirimbiri, ndipo aliyense akakunyambita amakugwetsera katundu pansi. Ulendo woyamba ndinaseka mpaka misozi. Nditazindikira kuti andizungulira pakhomo pa msasa, kuseka kunatha. Pano ndimatchera misampha mozungulira mvula isanayambe, ndipo miyendo ya achule imakhala ndiwo ya sabata yonse. Munalira kuti gemu yaphweka, ndiye walira mvula walira matope.

Koma chimene chidzakuphunzitseni ulemu ndi chilimwe.

Dziko langa loyamba la Reign of Giants ndinalikonza ndi mtima wonse. Mabokosi asanu ndi limodzi ndinawandandalika mzere umodzi, pambali pake udzu ndi timitengo zomwe ndinakumba kutali n'kudzadzala pafupi, uku mabulosi, uku poyanika nyama. Zonse zothithikana kuti ndisamayende mtunda. Litadutsa tsiku la 55 chithunzi chinayamba kufiirira, Wilson akudandaula kutentha. Ndili pa Crock Pot ndinaona kautsi kakufuka pa tsinde limodzi la udzu. Ndinati ndimalize kaye kuika nyama m'poto. Pamene ndimatembenuka udzu wonse unali lawilawi, moto wadumphira pa timitengo, pa mabokosi, pa makina a sayansi. Sipanathe mphindi imodzi. Ndinatsala ndi nkhwangwa m'manja ndi phulusa lodzaza thumba, ndipo madzulo ake ndinafa ndi kutentha nditaima pambali pa moto umene ndinakoleza ndekha poopa mdima.

Izi zonse zili ndi mankhwala ake, ndipo kukoma kwa DLC imeneyi kuli pa kuwapeza. Kautsi kaja ukakafikira msanga umakazimitsa ndi manja, umangopsa pang'ono. Usiku wa chilimwe umakoleza Endothermic Fire, moto wa buluu umene umawala koma umaziziritsa, wopangidwa ndi udzu ndi nitre, mwala uja m'gemu yakale munkangoutaya. Mwala wofunditsa ukauika m'filiji umasanduka woziziritsa. Msasa umautchinjiriza ndi Ice Flingomatic, makina oponya chipale pa chilichonse chofuka, koma amafuna magiya awiri ndi zidutswa 15 za ayezi, kuphatikiza zida zina zamagetsi. Ayeziyo amakumbidwa pa timapiri ta madzi oundana tomwe timasungunuka kukatentha, ndiye amene sanakumbe nthawi ya chisanu n'kusunga m'filiji wadziphonya yekha. Makinawo ali ndi khalidwe lawonso: amazimitsa ngakhale moto wako wa usiku ukaukoleza pafupi nawo. Chinanso chimene ndinachidziwa mochedwa n'chakuti moto wolusawu umayamba pafupi ndi pamene iwe uli. Ukachoka pamsasa chilimwe chonse, kapena ukatsikira kumapanga kumene kumazizirirapo, katundu wako umamupeza ali bwinobwino.

Tsopano zimphona zimene zinapatsa DLC dzina. Deerclops wa chisanu analipo kale. Anawonjezera Moose/Goose wa dzinja, chimbalame cha nyanga chomwe chimaikira dzira n'kuswa ana ake; Dragonfly wa chilimwe, amene amalavula chiphalaphala n'kuyatsa chilichonse; ndi Bearger wa masika, chimbalangondo chokonda uchi chimene chimaphwanya mabokosi ndi filiji posaka chakudya. Poyamba ndinkaziona ngati chilango chabe. Pambuyo pake ndinaona kuti chilichonse chimanyamula chimene udzachifune kutsogolo. Diso la Deerclops limapanga Eyebrella, chipewa chimene mvula siilowa n'komwe ndipo chimatetezanso ku dzuwa. Nthenga za Moose/Goose zimapanga chokupizira mphepo cha chilimwe. Mamba a Dragonfly amapanga bokosi losapsa. Ubweya wa Bearger umapanga chovala cha chisanu. Choncho Deerclops yemwe munkamuthawa uja, tsopano mudzayamba kumudikirira ndi mkondo, chifukwa mukudziwa kuti popanda diso lakelo dzinja likusambitsani. Chaka chonse chimalumikizana ngati unyolo, ndipo nthawi iliyonse umakhala ukukonzekera nyengo imene isanafike. Anthu ochenjera amafika pomulemba ganyu Bearger: amamukokera m'nkhalango yowirira, iye n'kumagwetsa mitengo powathamangitsa, iwo n'kubwera pambuyo kudzatola nkhuni.

Pali anthu awiri atsopano osewera nawo. Wigfrid amayamba ndi mkondo ndi chisoti chake, amamenya mwamphamvu kuposa Wilson, koma amadya nyama yokha. Mabulosi ndi karoti kwa iye ndi zinyalala. Amatsegulidwa ndi mapointi amene mumapeza mukamasewera. Webber ndi kamnyamata kokhala m'thupi la kangaude. Akangaude ndi abale ake, nyama ya zilombo amadya osadwala, koma nkhumba zikamuona zimamuthamangitsa. Kuti mumupeze muyenera kutola chigaza chake kwa akangaude n'kukachikwirira m'manda ofukulidwa. Kusewera Webber kuli ngati kuyamba gemu ina, chifukwa onse amene munkawadalira asanduka adani. Palinso chipululu, nkhalango ya mitengo ya Birchnut, mbuzi za Volt Goat, kanyama konga mphaka ka Catcoon, ndi Glommer, kachilombo kouluka kopanda phindu looneka koma kokhazika mtima pansi, komwe umakatenga pa chiboliboli chake mwezi ukakhala wathunthu.

Sindikunamizani kuti zonse n'zokoma. Chilimwe chachiwiri ndi chachitatu chimatopetsa, chifukwa ukadziwa njira yake chimangokhala ntchito yothira mafuta m'makina ndi kusinthanitsa miyala m'filiji. Moose/Goose ndi chimphona cha dzina lokha. Ndipo pa nkhani ya njala, DLC inafewetsa zinthu m'malo molimbitsa: kanyama kamodzi ndi zidutswa zitatu za ayezi mu Crock Pot zimatulutsa mbale ya Meatballs yokhutitsa ndithu. Munthu kukhuta madzi oundana, koma ndi momwemo. Ubwino wake, pokonza dziko latsopano mutha kufupikitsa chilimwe, kuchotsa moto wolusa kapena kuchepetsa zimphona. Ine sindichita manyazi kunena kuti chilimwe ndimachifupikitsa.

Funso lanu lachiwiri, la Don't Starve Together, ija yosewera ndi anzako pa intaneti, ndilo lofunika kuliganizira bwino. Gemu imeneyo inatuluka mokwanira mu April 2016, ndipo zambiri za Reign of Giants zilimo kale: nyengo zinayi, kunyowa, zimphona, Wigfrid ndi Webber. Ndiyonso imene a Klei akuiwonjezerabe zinthu. Mukanakhala ndi anzanu awiri atatu osewera nawo madzulo alionse ndi intaneti yodalirika, ndikanati lumphani DLC, pitani kumeneko. Koma inu mumasewera nokha, ndipo Together anaikonzera gulu. Deerclops amene kuno ali ndi moyo 2,000, kumeneko ali ndi 4,000. Dragonfly kuno ali ndi 2,750, kumeneko 27,500. Munthu mmodzi atha kumugonjetsa, koma ndi thukuta losafunika. Kuwonjezera apo, gemu imene ikulandirabe zatsopano imafuna kudawuniloda pafupipafupi, ndipo bandulo ndi yanu. Don't Starve ya munthu mmodzi mukaiika, mutha kuika Steam pa offline n'kumasewera osalumikiza. Imasunganso yokha m'bandakucha wa tsiku lililonse la m'gemu, ndiye magetsi akathima batire ili yakufa, mwataya mphindi zosapitirira 8. Ine zimenezi zandipulumutsa kangapo.

Mudzaonanso ma DLC ena awiri, Shipwrecked ya 2016, yomwe anapanga mothandizana ndi a Capybara Games, ndi Hamlet ya 2019. Zonsezo n'zabwino, koma zimakuchotsani m'dziko limene mwalizolowera, ina kukuponyani pa zilumba ndi bwato, ina m'tauni ya nkhumba zogulitsa malonda. Reign of Giants ndiyo imamalizitsa gemu imene muli nayo kale. Yambani ndi imeneyo. Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi Giant Edition ya pa makina ngati Wii U kapena Xbox One, kapena ya pa Nintendo Switch, musagule kanthu, ilimo kale.

Mtengo wake wa masiku onse pa Steam ndi pafupifupi madola 5 a ku America. Kwa wa ku Vancouver ndi ndalama ya khofi, kwa ife amene timayamba tawerengera kwacha ndi kufunsa ngati khadi la kubanki livomera kulipira kunja, ndi nkhani yoti ukhale pansi. Ngati simukufulumira, iikeni pa wishlist (mndandanda wa zomwe mukufuna kudzagula) mudikire seli yaikulu ya kumapeto kwa June kapena ya kumapeto kwa December, pamene magemu akale ngati amenewa amatsika kwambiri. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku London woti akugulireni ngati mphatso, ayambe waona ngati Steam ilola, chifukwa imakaniza mphatso pakati pa mayiko amene mitengo yawo ikusiyana kwambiri. Lamulo lobweza ndalama liliponso, la masiku 14 ndi maola osakwana awiri osewera, koma pano silikuthandizani kuyesa kanthu. Maola awiri ndi masiku 15 okha a m'gemu, mudzakhala mukadali m'masika mukutola mabulosi, chilimwe chili kutali.

Chimodzi chokha chidzakuwawani. Dziko lanu la tsiku la 90 silisintha. Reign of Giants imayatsidwa poyamba dziko latsopano, ndipo gemu imakufunsani ngati mukuifuna pa malo osungirapo amenewo. Wilson wanu wa ndevu musamufufute, musiyeni pamalo pake, mutsegule dziko lina pambali. Pokonza dzikolo sankhani nokha kuti liyambe ndi Autumn, chifukwa mukaisiya gemu isankhe itha kukuponyani m'dzinja tsiku loyamba, mulibe ambulera, mulibe chipewa. Ndipo udzu uja mukaukumba, mukaudzale patali ndi mabokosi.