Bungwe la akatswiri a zamakompyuta lingamuthandize chiyani wokonza mafoni pa Luchenza?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a pa Luchenza. Ali ndi kashopu kokonzera mafoni ndi malaputopu, ndipo pambali amapanga fotokope ndi kutayipira anthu makalata. Funso lawo, mwachidule, ndi ili: "Ndimamva pa wailesi za mabungwe oimira anthu a zamakompyuta m'dziko muno, monga ICTAM. Mnzanga akuti ndilowe nawo. Koma ndalama ya umembalayo ndi yomwe ndikanaodera masikirini. Kodi bungwe la dziko lonse lotere ntchito yake yeniyeni ndi yotani m'dziko losauka ngati lathu? Si za mabwana a ku Blantyre ndi ku Lilongwe zokhazokha?"

Achimwene, zikomo pondilembera. Nkhawa yanu ndaimva, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo sikirini mukaiika lero ndalama mumaigwira lero lomwe. Yankho langa ndi loti bungwe lotere timalifuna kwambiri, mwinanso kuposa anzathu a m'mayiko olemera, koma phindu lake silidzakupezani mutangokhala pa shopu. Ndiyambe ndi chinthu chimene tonse a kuno tinakulira pakati pake, tiyi.

Tiyi wa kuno anayamba kulimidwa ku Mulanje kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kenako n'kufika ku Thyolo. Maesiteti ndi opikisana, aliyense amafuna kuti tiyi wake agulidwe bwino ku okushoni ku Limbe. Komabe anazindikira kalekale kuti zinthu zina esiteti imodzi singazithe yokha. N'chifukwa chake pali Tea Association of Malawi, yomwe imakambirana ndi boma komanso ndi bungwe la ogwira ntchito m'malo mwa onse. N'chifukwa chakenso ku Mimosa kuli malo ofufuzira a Tea Research Foundation of Central Africa, komwe kumachokera mitundu ya tiyi yomwe mumaiona m'minda. Kupeza mtundu umodzi wabwino wa tiyi kumatenga zaka zambirimbiri. Ndani akanalola kulipira yekha akatswiri zaka zonsezo, anzake n'kudzangotenga mbewuyo ulere? Palibe. Koma akasonkha onse, ntchito imagwirika. Bungwe la makampani ndi akatswiri a zamakompyuta liyenera kukhalira zomwezo, kugwira ntchito zimene aliyense amapindula nazo koma palibe amene angazisenze yekha.

Chitsanzo chili kale m'dziko mwathu, kungoti ambiri sakuchidziwa. Malawi alibe nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imachokera ku zingwe za pansi pa nyanja kudzera m'mayiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique, ndipo njira imeneyo imalipiridwa ndi ndalama zakunja. Kale, uthenga wochokera kwa kasitomala wa kampani ina ku Blantyre kupita kwa kasitomala wa kampani inzake ku Blantyre komweko unkayamba watuluka m'dziko, kukazungulira kutali, n'kubwereranso. Zinali ngati munthu wa pa Chitakale akufuna kupereka kalata pa boma la Mulanje koma n'kuyamba wakwera basi ya ku Johannesburg. Mu 2008 makampani ogulitsa intaneti, kudzera m'bungwe lawo la MISPA, anakhazikitsa malo amodzi ku Blantyre otchedwa Malawi Internet Exchange, komwe zingwe zawo zimakumana kuti za m'dziko muno zizithera m'dziko momwe muno. Tsono taonani, awa ndi anthu olimbirana makasitomala tsiku ndi tsiku. Kampani imodzi ikanati bwerani mudzalumikize kwa ine, anzakewo akanakana, poopa kuti iwadyera masuku pamutu. Zinatheka chifukwa panali bungwe la onse losunga malowo.

Yachiwiri ndi nkhani ya misonkho ndi ndalama zakunja, ndipo apa ndi pamene pakukhudzani inu mwachindunji. Mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa mameseji ndi pa data, kuwonjezera pa VAT. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Sikirini, batire, tchaja, inki ya pulinta, palibe chimene timapanga kuno, zonse n'zoitanitsa. Inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene zinakhalira miyezi imeneyo: mumamuuza kasitomala mtengo Lolemba, pofika ku Limbe Lachitatu mwapeza wasintha, ndipo iye akuganiza kuti mukumubera. Chaka chilichonse unduna wa zachuma umazungulira kumva maganizo a anthu usanalembe bajeti. A tiyi amapitako atakonzekera, a mabanki chimodzimodzi, MCCCI imalankhulira amalonda. Inu simungatseke shopu tsiku lathunthu kukauza nduna kuti msonkho wa zipangizo zokonzera mafoni ukuchititsa anthu kutaya mafoni okonzeka. Ngakhale mutapita, angakuuzeni kuti ndi vuto lanu nokha. Bungwe lomwe lasonkhanitsa malisiti a mashopu mazana, kuyambira ku Muloza mpaka ku Karonga, n'kuika patebulo kuti nazi zimene zikuchitika, limamvedwa mosiyana. Ku India bungwe la NASSCOM linayamba mu 1988 makampani a mapulogalamu ali ochepa, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yake inali imeneyi, kukhala pansi ndi boma nthawi ndi nthawi mpaka malamulo ndi misonkho zitagwirizana ndi mtundu wa malonda awo.

Ndikhalitsepo pang'ono pa malamulo, chifukwa pamenepa mtima wanga sukhala m'malo. Tili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, ndipo mu 2024 kunabwera la Data Protection, loteteza zinsinsi za anthu. Ambiri amaganiza kuti malamulo amenewa ndi a mabanki ndi makampani a mafoni okha. Tsiku lina ndinaima pa shopu ina ya fotokope kuno ku Mulanje, sinditchula dzina. Pansi pa tebulo panali katoni yodzaza mapepala olakwika, ndipo mwana wa mwini shopu ankatengamo ena kukapatsa mayi wogulitsa zitumbuwa panja kuti azikulungira. Pepala lomwe anandikulungira ine linali fotokope ya chitupa cha unzika cha munthu: nkhope, dzina, tsiku lobadwa, nambala, zonse zikuwerengeka bwinobwino pakati pa madontho a mafuta. Mwini shopuyo si munthu woipa. Palibe amene anamuuzapo kuti pepala lotere likagwa m'manja mwa akathyali a pafoni aja, omwe amanamiza anthu kuti awatumizire ndalama, likhoza kumulowetsa munthu wosalakwa m'mavuto. Nanga inu, foni ya kasitomala ikagona kwa inu masiku atatu muli zithunzi zake, mameseji ake ndi Airtel Money kapena Mpamba yake, udindo wanu ndi wotani? Mnyamata amene mumamuphunzitsa ntchito akatsegula zithunzi za mtsikana n'kuzitumiza kwa anzake, mlandu ugwera ndani? Boma limalemba lamulo m'Chingerezi n'kulisindikiza. Kulimasulira kuti likhale tsamba limodzi la Chichewa lopachika pakhoma la shopu, lonena zoyenera ndi zosayenera, imeneyo ndi ntchito ya bungwe la eni ntchito. Likapanda kutero, ambiri adzamva za lamuloli tsiku limene apolisi afika pakhomo.

Pali nkhani inanso ya kudziwika kuti waluso ndi uti. Dokotala ali ndi khonsolo yake, maloya ali ndi bungwe lawo, koma aliyense wogula sikuludiraiva akhoza kulemba pakhoma kuti ndi katswiri wa makompyuta. Ndinaitanidwapo pa sukulu ina ya sekondale yoyendera, komwe anthu akufuna kwabwino anapereka makompyuta. Amene anawalumikiza anangosanjikiza ma extension otchipa, umodzi pa unzake, popanda chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu. Magetsi atathima n'kuyakanso, ambiri anapsa tsiku limodzi. Ndinawapeza ataunjikidwa m'chipinda chosungira makasu, atakutidwa ndi fumbi, ana akuphunzira za kompyuta pa bolodi ndi choko. Aphunzitsi aakulu anandifunsa mawu amene sindiwaiwala, oti akanadziwa bwanji kuti munthuyo sadziwa ntchito. Bungwe lolimba likanakhala ndi kaundula wa mamembala ake, malamulo a kagwiridwe ka ntchito, ndi malo okadandaula. Kwa inu amene mumagwira ntchito yanu mwaukhondo, chimenecho ndi chuma, chifukwa chimakusiyanitsani ndi wongoyeserera, ndipo sukulu, chipatala kapena khonsolo ikafuna munthu imadziwa poyambira.

Za maphunziro ndingodutsa mwachangu. Yunivesite ya MUST ili pa Ndata pompano, inatsegulidwa mu 2014, ndipo imaphunzitsa achinyamata a zamakompyuta. Akamaliza ambiri amalowera ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Chikhalirecho mafakitale a tiyi, magulu a alimi, ma SACCO ndi zipatala za kuno zikufuna anthu otere. Wolumikiza mbali ziwirizi, kuuza aphunzitsi luso lomwe msika ukufuna ndi kupezera ophunzira malo oyeserera ntchito, ayenera kukhala bungwe.

Tsopano ku funso lanu lomaliza, loti kodi si za mabwana okha. Mantha amenewa ndi omveka, ndipo sindikuuzani kuti muwataye. Bungwe lililonse, kulikonse, limapendekera kwa amene amasonkha zambiri ndi amene amapezeka pa misonkhano. Kampani yaikulu ili ndi munthu wolembedwa ntchito yoti azikhala pa misonkhano. Inu mukachoka pa shopu ndiye kuti tsikulo kunyumba kulibe ndiwo. Zikatero nkhani zokambidwa zimakhala za malaisensi ndi matenda akuluakulu a boma (ndikunena ma tender, osati kudwala), pamene kuthimathima kwa magetsi pa Luchenza, kapena foni ya munthu wa ku Muloza yomwe imalumphira ku netiweki ya ku Mozambique, sizitchulidwa n'komwe. Sikuti amachitira dala. M'chipindamo simukhala munthu woziona.

Bwererani ku tiyi kuja. Alimi ang'onoang'ono, a kamunda ka theka la ekala, sanadikire kuti bungwe la maesiteti liwalankhulire. Zofuna zawo n'zina: mtengo wa kilogalamu ya masamba, sikelo yolungama, thirakitala ibwere masamba asanafote, feteleza wa ngongole afike mvula isanayambe. Anapanga magulu awoawo, monga Sukambizi Association Trust kuno ku Mulanje, ndipo akamakambirana ndi fakitale amapita ngati gulu la alimi masauzande. Mlimi mmodzi wodandaula pa sikelo amauzidwa kuti nyamula masamba ako uzipita. Gulu silingauzidwe choncho, chifukwa fakitale ikufuna masambawo.

Ndi mmene ndikuonera kuti nafenso tichitire. Pakati pa Luchenza, Thyolo boma, Bvumbwe, Chitakale ndi Limbuli pali okonza mafoni, oika masola, a mafotokope, maejenti a ndalama za pafoni ndi aphunzitsi a kompyuta ochuluka ndithu, koma sadziwana. Poyamba mudziwane, ngakhale pa gulu la WhatsApp. Muziodera limodzi katundu ku Limbe kuti thiransipoti ikhale ya munthu mmodzi. Muzichenjezana za mafoni obedwa, chifukwa ambiri alowa m'chitolokosi kaamba kolandira foni osafunsa mwini wake. Ndipo muyambe kulemba: masiku angati mwezi uno magetsi kunalibe, midzi iti netiweki kulibe, batire inali pa mtengo wanji mu Januwale ndipo ili pa mtengo wanji lero. Zolembedwa zoterezi ndi zimene bungwe la dziko lonse limasowa, ndipo mukafika nazo simufika ngati opempha. Pansi pa MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, pali thumba la Universal Service Fund, lochokera m'lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la 2016, lomwe cholinga chake ndi kufikitsa mafoni ndi intaneti kumadera amene makampani saona phindu. Ndalama zimenezo zimapita komwe kwaonetsedwa kuti kuli vuto. Ndani angaonetse bwino kuposa inu, amene anthu a ku Thekerani amakuuzani kuti kwawo amakwera pachulu kuti aimbe foni?

Tonse tikukumbukira Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula misewu ndi milatho kuno, magetsi atazima, mafoni osagwira, anthu akufunafuna abale awo osadziwa ngati ali moyo. Masiku amenewo mashopu okhala ndi sola ndi amene anasanduka potchajira mudzi wonse. Pokonzekera ngozi ina, wina ayenera kukauza akuluakulu kuti nsanja iti ya netiweki inayamba kuzima, ndipo ndi dera liti linakhala nthawi yaitali osamveka. Zimenezi amazidziwa ndi anthu ngati inu.

Ndiye mulipire kapena ayi? Ine ndikanati musathamange, koma musakanenso. Alembereni kaye a bungwelo muwafunse mafunso olunjika. Kodi ali ndi umembala wa mabizinesi ang'onoang'ono ndi amisiri opanda digiri? Membala wa ku boma ngati Thyolo amavota bwanji posankha atsogoleri? Chaka chathachi anakambirana zotani ndi boma, ndipo zinatha bwanji? Malipoti a ndalama mamembala amawaona? Bungwe lofuna anthu limayankha mafunso otere mosanyinyirika. Mukakhutira, musonkherane pagulu lanu kuti mmodzi kapena awiri alowe, azipita ku misonkhano ndi kope la madandaulo a onse, ndipo pobwera azifotokoza zomwe amva. Mukatero mtengo wa umembala pa munthu mmodzi umachepa.

Loweruka likudzali ndidutsa pa Luchenza popita ku Limbe. Ngati mungaitane anzanu atatu kapena anayi a ntchito ngati yanu, ndiima pa shopu panu cha m'ma 10 koloko, ndipo ndibweretsa kope latsopano loti tiyambe kulembamo mayina ndi mitengo ya mwezi uno.