Nambala ya pabokosi la printa siwerengera nthawi yodikira

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji printa yanu ya laser, yomwe pabokosi analemba kuti imatulutsa masamba 30 pa mphindi, ikumakhala duu nthawi yaitali musanaone tsamba limodzi la PDF. Musafulumire kuibweza, mwina ilibe vuto lililonse.

Nambala ija ya ppm (masamba pa mphindi) imanena za liwiro la makina akayamba kale kukoka mapepala motsatizana. Opanga ambiri amaiyeza potsatira muyezo wa ISO/IEC 24734, ndi zikalata wamba za muofesi, mbali imodzi ya pepala. Kudikira tsamba loyamba amakulemba pakokha. Ngati printa inali itagona, fuser, kachigawo kotentha komwe kamamatiza toner (inki ya ufa) papepala, imayenera kuyamba yafika pafupifupi madigiri 200. Mukamasindikiza tsamba limodzilimodzi tsiku lonse, nthawi imeneyi ndiyo imakukhudzani, osati 30 uja.

Koma ine ndikuganiza kuti vuto lanu lagona pa PDF-yo. Laser siili ngati inkjet yomwe imatha kuima pakati pa tsamba n'kudikira. Drum, kachigawo komwe kamasamutsira toner papepala, ikayamba kuzungulira, pepala liyenera kudutsa mpaka kumapeto, ndiye tsambalo limayamba lasinthidwa kukhala timadontho pepala lisanakokedwe. Tsamba la A4 pa 600 dpi (timadontho 600 pa inchi iliyonse) ndi timadontho pafupifupi 35 miliyoni. Mukasankha 1200 dpi, chiwerengerocho chimachuluka kanayi, pomwe pa zilembo wamba diso silionanso kusiyana kwenikweni. Tsono ngati PDF yanu ndi yochita kusikana, tsamba lililonse ndi chithunzi cholemera, ngakhale inu mukuonapo mawu okhaokha.

Ntchito yosinthayi amagwira ndani? Pa maprinta otsika mtengo, omwe amawatchula kuti GDI, imagwiridwa ndi kompyuta yanu, moti kompyuta ikakhala yofooka printa imaoneka ngati yaulesi pomwe ikungodikira. Maprinta omwe amamva PCL kapena PostScript, zilankhulo zomwe kompyuta imafotokozera tsamba kwa printa, amaigwira okha, ndipo apa mpamene purosesa ndi memory ya printa zimaonekera mphamvu. Zimandiwawa kuti anthu pogula sayang'ana n'komwe mbali imeneyi.

Yesani izi. Sindikizani masamba 20 a mawu okhaokha kuchokera mu Word, muyambe kuwerenga nthawi tsamba loyamba likagwa. Otsalawo akatuluka m'masekondi pafupifupi 40, makina ali bwinobwino. Kenako bwererani ku PDF ija, tsitsani pa 600 dpi, lumikizani ndi chingwe cha USB m'malo mwa Wi-Fi, ndipo ngati muli pa driver (pulogalamu yoyendetsa printa) ya PostScript yesani ya PCL. Muonenso mtundu wa pepala womwe munasankha, chifukwa ukakhala pa pepala lokhuthala printa imachepetsa dala liwiro kuti toner imate bwino. Kusindikiza mbali zonse ziwiri nakonso kumachedwetsa.

Mutiuze dzina la printayo ndi kukula kwa fayilo, tione pomwe pakutsina.