Lenzi ya 50mm ikukana kulowetsa anthu onse m'chithunzi

Achimwene ena andilembera imelo. Anagula lenzi ya 50mm yoika pa kamera yawo ya Canon 600D chifukwa aliyense amaitama, koma pa chinkhoswe analephera kulowetsa ankhoswe onse m'chithunzi chimodzi. Akufunsa ngati anawagulitsa yachinyengo.

Ayi achimwene, lenziyo ilibe mlandu. Koma funso lanuli landipsetsa mtima, ndipo si inu amene ndakwiyira.

Ine maukwati ndinayamba kujambula ndi kalenzi kaja kobwera limodzi ndi kamera, ka 18-55mm, kamene anthu amakanyoza. Pa ukwati wina m'holo ya mpingo, akuchimuna anabwera ndi wojambula wawo, mnyamata wa 50mm yokhayokha. Perekaniperekani atayamba, azimayi akulowa ndi gule, ndalama zikugwera m'lichero, mnyamata uja anangoyamba kubwerera chambuyo mpaka msana unagunda khoma. Anakwera pa benchi, sizinathandize. Atandionetsa zimene anajambula munali mitu itatu ndi mkono wa munthu wina. Komatu m'mawa mwake anali atandifunsa monyodola kuti, "Akulu, mukadagwiritsabe kameneka?"

Nambala ya pa lenzi sinena za kukongola kwa chithunzi. Imanena kukula kwa malo amene kamera ikuona: ikachepa, kamera imaona patali m'mbali, ikakula, imaona kachigawo kochepa n'kukakokera pafupi. Pa kamera ya full frame, imene sensa yake (kachipangizo kamene kamagwira chithunzi m'kati mwa kamera) ndi 36mm m'litali ndi 24mm m'lifupi, 50mm imaona madigiri pafupifupi 47 kuchokera ngodya ina kukafika ina. Ya 24mm imaona 84, ya 200mm 12 okha. Tsono 600D yanu sensa yake ndi yaing'ono, ya APS-C, ndiye nambalayo muichulukitse ndi 1.6 (a Nikon ndi Sony, 1.5). 50mm yanu ikuona ngati 80mm. Imeneyo ndi yojambulira nkhope ya munthu mmodzi. Ambiri amene amaitama pa YouTube agwira full frame, ndipo zimenezi sakuuzani.

Chinanso chimene chatisokoneza mitu ndi matenda ofuna kuti kumbuyo kwa munthu kuzisungunuka. Aliyense akufuna f/1.8 basi, kutanthauza kutsegula kwambiri bowo la lenzi kuti kuwala kulowe kochuluka, zimene zimasungunulanso zakumbuyo. Banja lalipira nsalu, maluwa ndi keke, agogo abwera pa basi kuchokera kumudzi, wojambula n'kuwasandutsa utsi onsewo kuti chithunzi chioneke chapamwamba pa Facebook. Ine ndimati uku n'kuba. Pakadzapita zaka, eni ukwati adzafuna kuona amene analipo.

Ndipo poti ndayamba kale, ndinenenso za mphuno. Anthu amati lenzi yaifupi, ya nambala yochepa, imakulitsa mphuno. Chimakulitsa mphuno ndi kuyandikira. Kamera yaikulu ya mafoni ambiri imaona ngati 24mm kapena 26mm, ndiye kuti nkhope idzaze chithunzi mumaikankhira foniyo pafupi, mphuno n'kutsogola makutu n'kutsalira. Imani patali ndi lenzi yomweyo, kenako mudule chithunzicho, muona nkhope ili bwinobwino. N'chimodzimodzi ndi phiri la Mulanje looneka ngati lagundana ndi munthu m'minda ya tiyi: wojambulayo anaima patali kwambiri, lenzi yaitali inangomudulira kachigawoko.

Nanga mugule iti?

Musagule kaye. 50mm muisunge, ndi yabwino pa nkhope ya mkwatibwi komanso m'tchalitchi mwa mdima. Pa gulu bwezeretsani 18-55mm, muike pakati pa 18 ndi 24, ndipo anthu asakhale kumapeto kwenikweni kwa chithunzi, amatambasuka. Kenako tsegulani zithunzi zanu zakale pa kompyuta. Chilichonse chimasunga nambala imene munajambulira. Mukapeza kuti mumazungulira pa 24, Canon ili ndi EF-S 24mm f/2.8, imene pa kamera yanu iziona ngati 38mm.